Ndawerenga "The Chiwaya War" ndikufunafuna dzina limodzi

Sabata ino maere agwera ine, ndiye mundipirire. Ndine wa geni ya tomato ndi anyezi pa Songani, sukulu ndinalekeza Fomu 4. Anzanga mwakhala mukutilembera za ndakatulo ndi manovelo, koma ine ndabwera ndi buku la mbiri yakale, la Chingerezi, lolembedwa ndi mzungu wa ku America dzina lake Melvin E. Page. Mutu wake ndi The Chiwaya War. Linatuluka koyamba mu 2000, kenako a Mzuni Press ku Mzuzu analisindikizanso mu 2021. Likunena za Amalawi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Ndineneretu kuti sindinaliwerenge ngati wokonzekera mayeso. Ndinaliwerenga ngati munthu amene wamva za ngozi ya basi ndipo akufufuza m'bale wake pa mndandanda wa kuchipatala, chala chikutsata mzere ndi mzere. Zabwino ndi zoipa zomwe ndinene za bukuli zachokera pamenepo.

Kwathu ndi ku Domasi Mission, kumtunda kuja pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, komwe a Church of Scotland anatsegula mishoni mu 1884 m'dera la mfumu Malemia. Agogo anga, mayi awo a mayi anga, adakali moyo, zaka zapitirira 80. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva nkhani imodzi kwa iwo: agogo awo aamuna anatengedwa pa nkhondo ya Jeremani ndipo sanabwerenso. Sanali msilikali ayi. Anali mtengatenga, wonyamula katundu pamutu. Anawagwira kudimba m'mamawa, khasu linatsala pamzere. Akazi awo anali oyembekezera, ndipo mwana amene anabadwayo ndi amene anadzabereka agogo angawa. Nkhondo itatha, mnzawo wina amene anagwidwa naye limodzi anabwera kudzanena kuti anawasiya akudwala kamwazi kutsidya kwa nyanja, pa njira yopita kumalo omwe agogo amawatchula kuti "Songeya". Nkhani yonse ndi imeneyo basi. Chithunzi palibe, kalata palibe, manda palibe.

Chaka chatha tinasonkherana a pabanja nkumanga ziliza kumanda a kwathu. Titamaliza, agogo anayenda pang'onopang'ono akuloza chiliza chilichonse ndi ndodo yawo, kenako anaima nkunena kuti, "Apa pakusowa munthu mmodzi." Anatembenukira kwa ine: "Iwe unapita kusukulu, foni uli nayo. Undifufuzire komwe anagona agogo anga ndisanatsike ine." Abale, mawu otere ochokera kwa nkhalamba sungawaike m'thumba nkuiwala.

Amene anandithandiza ndi kasitomala wanga, mphunzitsi wina wa pa koleji ya aphunzitsi ku Domasi, amene amagula tomato kwa ine Loweruka lililonse. Nditawafotokozera anati, "Mayi, nkhondo imeneyo ili ndi buku lake." Sabata yotsatira anabwera nalo m'jumbo. Linanditengera miyezi iwiri, kuwerenga pabenchi masana msika ukazizira, mawu ovuta ndikufunsa dikishonale ya pa foni. Ndinabweza lili ndi timadontho ta tomato m'masamba angapo, mwamwayi anandikhululukira.

Chinandigwira poyamba ndi mutu wake. Ife a pamsika chiwaya timachidziwa: chitsulo chija anyamata amakazingirapo tchipisi ndi nyama. Ndiye nkhondo ndi chiwaya zikukumana pati? Chiwaya ndi dzina lomwe makolo athu anapatsa mfuti ija yolavula zipolopolo motsatizana osapuma. Amene munakazingako chimanga chouma mukudziwa mmene chimathethekera, ndipo ine ndikuganiza kuti khutu la amene anayamba kutchula dzinali linamva zomwezo. Azungu nkhondoyi amaitcha Great War, kapena East African Campaign akamanena za mbali yathu ino. Page anasiya mayina amenewo nkutenga la anthu amene ankathawa zipolopolozo. Kwa ine apa anayamba bwino, chifukwa mutu wokhawo ukukuuza kale kuti m'bukumu alankhule ndani.

Ndipo akulankhuladi ndi iwowo. Page anaphunzitsapo pa Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo anthu amene anaona nkhondoyi ndi maso anali adakalipo, nkhalamba za zaka 70, 80. Iye ndi Amalawi omuthandiza anayenda m'midzi kuwafunsa: amene anali asilikali a King's African Rifles, amene anali amtengatenga, ndi ena amene anatsala kumudzi. Zomwe anamva anazilumikiza ndi makalata a boma la atsamunda ndi a mamishoni. Ndiye ukamawerenga umamva mbali ziwiri. Uku akuluakulu a boma akudandaula kuti onyamula katundu akuperewera, uku nkhalamba ikufotokoza mmene anaigwirira. Wolemba sakuwa, satukwana atsamunda m'malo mwako. Amangoika ziwirizo pafupi, mkwiyo nkubwera wokha. Kalembedwe kameneka ndakakonda. Mabuku ena a mbiri amakutafunira zonse, iwe nkungomeza.

Ziwerengero zake ndi zoopsa. Dziko lathu, lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland, linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Mwa amenewa pafupifupi 19,000 analowa usilikali, pomwe amtengatenga anali pafupifupi 200,000, ngakhale kuti ena anawerengedwa kangapo chifukwa ankagwidwa, kubwerako, nkugwidwanso. Poyamba ndinadabwa kuti onyamula achuluka bwanji chonchi, khumi pa msilikali mmodzi. Kenako ndinawerengetsera ngati wa geni. Kumene kunkachitikira nkhondoko misewu ya galimoto inali yochepa, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Ufa, mpunga, zipolopolo, mankhwala, matenti, zonse zinkayenda pamutu pa munthu. Mtolo umodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25, theka la thumba la chimanga. Tsono wonyamulayo nayenso amadya. Tiyerekeze kuti akudya kilo imodzi patsiku. Ulendo wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera, wamaliza mtolo wonse, kutsogolo sikunafike kanthu. Ndiye pankafunika anthu onyamulira chakudya anthu onyamula chakudya. Geni yotere mpamba umathera mu transipoti, ndipo mwini wake akafuna kupulumutsa kenakake amadula pa mbale ya wonyamula. N'chifukwa chake njala, kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha anthu ambiri kuposa chiwaya chenichenicho.

Za kagwidwe ka anthu bukuli silibisa. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti apereke, akalephera ufumu wawo unali pa chiswe. Amesinjala ndi apolisi ankazinga midzi usiku. Amuna ankathawira kumapiri ndi kutchire, ndipo pena ankagwira akazi awo kuti amunawo adzipereke okha. Anthu ankati nkhondoyi ndi thangata, mawu omwe aja a ntchito yokakamiza ya m'maesiteti, ndipo Page yemweyu analembanso nkhani ina mu 1978 yomwe mutu wake ndi The War of Thangata. Nditawerenga pamenepa, nkhani ya khasu lotsala pamzere inasiya kukhala nthano ya pamoto. Ndinamumvetsanso mwatsopano John Chilembwe. Nkhope yake imadutsa m'manja mwanga tsiku lililonse pa K2,000, ndipo kusukulu tinaloweza kuti anaukira azungu pa 23 January 1915. Chomwe sindinkachigwira bwino ndi chakuti mu November 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikireni nkhondo ya pa Karonga ya pa 9 September, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akuitanidwa kukafera mkangano womwe si wawo, nkusiya akazi ndi ana amasiye. Mmodzi mwa akazi amasiye amene ankawanenawo anadzakhala wa m'nyumba mwathu.

Nanga "Songeya"? Apa bukuli ndi mapu a pa foni anathandizana. Songea ilikodi, ndi tauni ya kumwera kwa Tanzania, kutsidya kwa nyanja, dziko lomwe nthawi imeneyo linali m'manja mwa Ajeremani. Mu 1916 gulu la nkhondo lotsogozedwa ndi General Edward Northey linalowa m'dzikomo kuchokera ku Nyasaland ndi ku Rhodesia, ndipo chaka chomwecho Songea inalandidwa. Katundu ankatsika sitima ya pamtunda ku Limbe, kudzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi. Kumeneko ankakwera sitima ya pamadzi, ndipo kutsidyako ankatsala ndi mitu ya anthu, kukwera mapiri. Mwaonatu, njira ya Zomba kupita ku Mangochi ndi yomweyi imadutsa pa Songani ndi pa Domasi, pomwe ine ndimayala tomato. Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, sankaima malo amodzi. Mu November 1917 anawolokera ku Mozambique, ndipo anadzagonja ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918, ku Ulaya nkhondo itatha kale milungu iwiri. Kulikonse komwe ankathawira, makolo athu ankamutsatira ndi mitolo pamutu.

Nditamaliza bukuli ndinatseka benchi tsiku lina nkukwera minibasi ya ku Zomba ndi mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7. Nonse mukuchidziwa chipilala chija cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi, pafupi ndi Cobbe Barracks, mukamatuluka m'tauni kulowera ku Blantyre. Ndadutsapo kambirimbiri osaganizako zotsika. Chinamangidwa m'zaka za m'ma 1920 pokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondoyi, ndipo pali mayina oposa 1,000. Mwana wanga ankawerenga mokweza, ine ndikutsata m'mbuyo. Vuto linali loti tinkafuna dzina liti? Munthuyu anali ndi mayina atatu: la ubwana, la kuchinamwali, ndi lachikhristu lomwe anatenga akuphunzira kalasi pa mishoni. Anali mkamwini, Mlomwe wochokera mbali ya ku Mozambique, ndiye abale ake a kuchikazi amene akanasunga mbiri yake sitikuwadziwa komwe ali. Kuwonjezera apo, kalaliki wolemba mayina ankalemba zomwe khutu lake lamva.

Mwadzidzidzi mwana anakuwa, "Amayi, ili!" Linali dzina lofanana ndithu ndi la ubwana lija, kusiyana chilembo chimodzi. Mtima unagunda. Ndinajambula ndi foni, ndipo ndivomere kuti kwa mphindi zingapo ndinaganiza zongokawaonetsa agogo nkuti ndawapeza, nkhalamba igone tulo. Koma buku lomwe lija linandiletsa. Linali litandiphunzitsa kusiyana kwa msilikali ndi mtengatenga, ndipo chipilalachi ndi cha asilikali. Dzina limenelo lili ndi eni ake kwinakwake amene mwina nawonso akulifuna. Ndinafufuta chithunzicho. Buku labwino limatero, limakulanda ngakhale bodza lomwe likanakutonthoza.

Tinadzera kumanda a m'tauni komwe kuli miyala ya azungu amene anafa pa nkhondo yomweyi, uliwonse uli ndi dzina, udindo ndi tsiku lomwalira. Amene amasamala manda otere pa dziko lonse ndi a Commonwealth War Graves Commission, ndipo ali ndi tsamba pa intaneti pomwe umalemba dzina nkufufuza. Ndinayesa mayina atatu onse, kalembedwe kosiyanasiyana, mpaka bandulo inatha. Chifukwa chake anachinena okha. Mu April 2021 anatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa muno, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo anati tsankho linalipo pa zimenezi. Nduna ya zachitetezo ya ku Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Akuluakulu a m'zaka za m'ma 1920 ankanena kuti anthu akuda sangaone phindu la mwala wa pamanda, ndiye m'malo mwake anaimika ziboliboli zopanda mayina ku Dar es Salaam, ku Mombasa ndi ku Nairobi. Tamvani zimenezo. Ife amene timatseka geni sabata yathunthu chifukwa cha maliro, ife a sadaka ndi ziliza, eti sitidziwa phindu la manda.

Mphunzitsi uja anandiuzanso za mbusa wa ku Blantyre Mission, Robert Napier, amene anaphedwa ku Mozambique mu 1918 akuthandiza gulu la nkhondo. Alexander Hetherwick, yemwe uja anayambitsa mishoni yathu ya Domasi, anasonkhanitsa makalata ake nkutulutsa buku mu 1925. Sindikumuchitira nsanje malemuyo, naye anasiya omulira. Ndikungoti taonani: anthu awiri a mpingo umodzi, nkhondo imodzi, wina ali ndi buku lathunthu, wina ngakhale mzere umodzi alibe. Dzenje limeneli ndi lomwe The Chiwaya War inabwera kudzakwirira, ndipo pamenepo ndikuvula mpango. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma gulu lino si la kuombera m'manja, ndiye ndinene pomwe bukuli landisiya ndi njala.

Choyamba, ili ndi buku la anthu amene anabwerako. Sikulakwa kwa wolemba, wakufa safunsidwa mafunso. Komabe wowerenga azikumbukira zimenezi. Aliyense amene akulankhula m'bukumu anapulumuka nkhondo, anapulumuka fuluwenza ija inasesa anthu kumapeto kwa 1918, nkukhalanso ndi moyo zaka zina zoposa 50. Amenewo ndi olimba ndi amwayi. Ngakhale akufotokoza zowawa, nkhani yawo ili ndi mathero: ndinabwerera kumudzi, ndinakwatira, ndinavina beni. Ukawerenga nkhani zotere zambirimbiri, mtima umayamba kuzolowera kuti nkhondoyi inali chinthu chomwe munthu ankadutsamo nkutuluka. Amene anasiyidwa pansi pa mtengo mzere wa onyamula ukupitirira amangooneka pakona ya nkhani ya wina. Ndikanakonda wolemba akanaima nthawi yaitali pa mabanja amene sanalandire munthu wawo, nkufunsa kuti anachita chiyani ndi maliro opanda mtembo.

Chachiwiri chikuchokera pomwepo. Amayi alimo m'bukumu, koma mawu ochuluka ndi a amuna. Chonsecho kuno kwathu kwa chikamwini amene amasunga munda, ana ndi mbiri ya pabanja ndi mzimayi. Amuna 200,000 akachoka, amalima ndani? Msonkho amakhoma ndani? Nkhani ya munthu wathuyu yayenda zaka zoposa 100 kudzera pakamwa pa akazi okhaokha: wamasiye uja anauza mwana wake, mwanayo anauza agogo, agogo anauza ine, ndipo pa chipilala paja amene ankawerenga ndi mwana wanga wamkazi. Njira imeneyi ndi nkhokwe ya mbiri payokha, ndipo bukuli latapamo ndi chikho chaching'ono.

Chachitatu ndi pomwe ndikutsutsana naye wolemba. Mfundo yake yaikulu, mmene ndaimvera ine, ndi yakuti nkhondoyi inali chinthu choyamba kukhudza anthu a dziko lino onse pamodzi, Mtumbuka, Myao, Mchewa, Mlomwe, Mngoni, Mngonde, ndipo inathandiza kubzala mtima woti ndife mtundu umodzi. Kuti inakhudza onse ndikuvomera. Magule ngati beni kuno ndi malipenga kumpoto, ndi mayunifolomu ake ndi kaguba kake, ndi umboni woti china chake chinatsalira m'magazi mwathu. Koma ndimachita mantha ndi mfundo zopezera phindu pa imfa za anthu. Zimamveka ngati tikuti inde anafa, koma taonani tinapeza dziko. Ine ndikaluza dengu lonse la tomato chifukwa lole yagubuduzika, wina asadzandiuze kuti koma mwadziwana ndi anzanu a geni kuchipatala. Kunyumba kwathu nkhondoyi sinabzale chilichonse. Inasiya mwana wosadziwa nkhope ya bambo wake. Mwina ophunzira mbiri m'gulu lino mundikonza, ndipo ndimva, koma pakadali pano ndaima pamenepo.

Chachinayi ndi chomwe chikundiwawa kwambiri, ndipo si mlandu wa Page yekha. Nkhalamba zija zinalankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi zinenero zina za kuno. Mawu awo anawoloka nyanja, anavekedwa Chingerezi, nkubwerera kwawo ngati alendo. Pomasulira pamatayika zambiri. Munthu wa zaka 80 akamasimba za njala amaponyamo mwambi, amaseka pomwe sipoyenera kuseka, amatchula mzungu ndi dzina lomunyoza lomwe anamupatsa. M'Chingerezi chosalala cha m'buku nkhalamba zonse zimayamba kumveka ngati munthu mmodzi. Ndipo angawerenge ndani? Ine wa Fomu 4 ndavutika miyezi iwiri. Anzanga a pamzere wa tomato, amene ambiri agogo awo anali pa mzere womwewo wa amtengatenga, sangalitsegule n'komwe. Mu 2021 munatulukanso mabuku awiri otchedwa Chiwaya War Voices, momwe muli zokambirana zija mwatsatanetsatane, nawonso m'Chingerezi. Ndinkawerengera agogo madzulo ndikumasulira pamtima, ndipo pena ankandidula: "Ayi, sananene choncho ameneyo, ananena chakuti," nkubwezeretsa mawuwo m'Chichewa chomwe mwina ndi chomwe chinalankhulidwadi. Ndinkangoti kukamwa yasa. Mzimayi wosadziwa kuwerenga ankakonza buku la pulofesa.

Wina anena kuti nanga nkhalamba yosimba zinthu patapita zaka 55 tingaikhulupirire bwanji? Zoona, munthu amaiwala, amasakaniza zaka, pena amadzikometsera. Koma funso lomwelo tilifunsenso kwa pepala. Ine ndili ndi kope la ngongole pabenchi panga, ndipo ndikudziwa kuti m'kope mumalowa zomwe mwini kope akufuna asaiwale. Boma la atsamunda linkasamala za mitolo yomwe yafika kuposa dzina la amene wagwa nayo panjira. Agogo sanaonepo mapu chibadwire, koma "Songeya" yawo yapezeka pamalo pomwe ankanena, kutsidya kwa nyanja. Pakamwa panasunga zomwe kope linataya, ndipo mphamvu ya bukuli ndi yakuti linapatsa pakamwapo ulemu wofanana ndi wa pepala.

Ndiye ndinabwerera kwa agogo chimanjamanja. Ndinawauza zoona: manda sindinawapeze, dzina silili pa chipilala, silili pa intaneti. Kenako ndinawaonetsa mapu, chala changa chikuchoka pa Domasi, Liwonde, Mangochi, kuwoloka nyanja mpaka Songea. Anayang'ana nthawi yaitali ngakhale maso awo saona bwino. Anafunsa kuti, "Ndiye Songeya ilikodi?" Nditavomera anati, "Basi, amayi anga sankanama." Mwezi wotsatira tinagula matumba awiri a simenti nkumanga kachiliza kakang'ono pafupi ndi manda a akazi awo. Pansi pake palibe munthu. Tinalembapo mayina onse atatu, ndipo m'munsi mwake mawu akuti anali mtengatenga, anatsala pa njira ya ku Songea, nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Abusa anabwera kudzapemphera. Agogo analoza ndi ndodo yawo nkuti tsopano akwana.

Chigamulo changa ndi ichi: bukuli liwerengeni. Silinandipatse dzina lomwe ndinkafuna, koma linandipatsa njira yomwe munthuyo anayenda, kulemera kwa mtolo wake ndi chifukwa chomwe sanabwerere. Zofooka zake zambiri ndi ntchito yomwe yatsalira ife. M'gulu lino muli aphunzitsi, atolankhani ndi omasulira. Palibe amene angalankhule ndi osindikiza kuti mawu a makolo athuwa abwerere m'Chichewa? Ndipo nkhondo yachiwiri nayo ikutha m'manja mwathu tikuona. Amene anapita ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944 atsala owerengeka, koma ana awo alipo. November akubwera, mudzaona maluwa ofiira aja pachifuwa pa akuluakulu ndi nkhata pa chipilala cha ku Zomba. Musanapite kukaonerera perete, khalani pansi ndi agogo anu, tsegulani rekoda ya pa foni, afunseni kuti kwanu kunachoka ndani osabwerera. Mufunse mayina onse, la ubwana lomwe.

Amene kwanu kuli nkhani yotere tiuzeni m'munsimu, makamaka a ku Karonga, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota komwe sitima zinkaima. Amene munaliwerenga bukuli ndipo mukuona kuti ndalilakwira, bwerani tikambirane. Ndiyankha madzulo ndikaweruka ku msika, masana manja amakhala a tomato.